Mabondo a Ambuya Anu ndi Pakamwa Pawo

Ana inu, khalani pansi, ndipo mafoni anuwo muwagoneke chafufumimba pa tebulo. Ambuya anu apita ku msonkhano wa mphakati, kotero nkhaniyi muimva kwa ine ndekha.

Ndamva zimene Mutale amauza anzake dzulo pakhondepo. Akuti ine shikulu wanu ndinaletsa ambuya anu kupereka moni pamsewu chifukwa cha nsanje. Akutinso ndinkawayendetsa ngati msilikali, iwo patsogolo atatseka pakamwa, ine pambuyo ndikukuwa. Nkhani imeneyi yazungulira komboni yathu yonse ya Kwacha, ndipo eni ake ndimawadziwa: ndi Bana Chanda a kuseri kwa mpandawu. Ndinkangowasiya, poti iwo ndi Abemba, ine wa kum'mawa, ndipo chimbuya chathu chimatilola kunyozana. Iwo amanditcha wodya mbewa, ine ndimawatcha odya anyani, popanda wokwiya. Koma nthabwala ikalowa m'kamwa mwa mdzukulu wanga ndiye kuti yasanduka mbiri, ndipo mbiri yokhota ine sindiilekerera. Ndinaphunzira mpaka Fomu Thuu m'masiku amene Fomu Thuu inali sukulu yeniyeni, ndipo chachikulu chimene ndinatolako ndi chakuti chinthu uzichiona kaye, kenako uchinene monga chinachitikira.

Nsanje! Pa mayi womanga mabondo ndi bandeji? Usaseke, Mutale, wayambitsa zimenezi ndiwe.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa ambuya anu a kale, osati awa mumawaona akutsika sitepe cham'mbali. Ndinakawatenga kwathu ku Chipata nditagwira kale ntchito ya mgodi zaka ziwiri. Tinakwera lole mpaka ku Lusaka titakhalira matumba a mtedza, fumbi litatipaka mpaka m'nsidze, kenako sitima mpaka kuno ku Kitwe. Inu mukakhala maola ochepa pa mipando yofewa ya basi mumadandaula msana. Iwo anatsika sitimayo, nasenza bokosi lachitsulo, nayenda mpaka ku komboni ya mgodi osatula, njira yonse akundifunsa dzina la chilichonse chimene aona.

Sindinaonepo munthu wogwira ntchito zambiri nthawi imodzi ngati mayi amenewo. Madzi tinkatunga pa mpopi wa komboni yonse. Ankachokera kumeneko ndowa ili pamutu, Sabina, amako iwe Mutale, ali kumsana, m'manja muli singano zolukira juzi, pakamwa pali nyimbo ya kwaya, ndipo aliyense wokumana nawo ankalandira moni wathunthu, wofunsa za ana, za malungo, ndi za mvula ya kumudzi. Dontho la madzi silinkatayika, ndipo juziyo inkatuluka manja ake ofanana. Akafika panyumba, dzanja linali pa nsimbi ya makala yositira, diso pa mbaula, khutu kwa oyandikana nawo. Inu mukamayenda maso ali pa foni mumagunda mapolo a magetsi, n'kumati munatanganidwa.

Ine ntchito yanga inandiphunzitsa zosiyana. Ndinali woliza belu pa shafuti, dzenje lolowera pansi pa mgodi. Keji, chikepe chija chotsitsa anthu pansi pa mgodi, imayendetsedwa ndi munthu amene sakuiona. Iye amakhala m'nyumba ya injini n'kumangomvera belu: kulira kwakuti ndi kukweza, kwakuti ndi kutsitsa, kwakuti mkati muli anthu. Ukawonjezera kamodzi kapena kuchepetsa, wamunamiza munthuyo, pamene pa chingwe pali miyoyo. Tsiku lina, ndikadali watsopano, mnzanga anandifunsa za mpira wa dzulo lake dzanja langa lili pa belu. Ndinamuyankha, ndipo poyankhapo ndinaiwala kuti ndaliza kangati. Mwamwayi ndinaima n'kuyambiranso. Koma kapitawo wathu, mkulu wina wa ku Mongu wosachedwa ndi mawu, anaona. Sanakalipe. Anadikira nthawi ya kampompo, banzi lija ankatipatsa ndi koko. Mabanzi anu a masiku ano ndi mpweya wokhawokha. Lija umadya limodzi n'kufika nalo madzulo. Kapitawoyo anakhala pambali panga, nati, "Daka, dzanja likakhala pa belu uzitseka pakamwa. Wofunsayo angathe kudikira." Ndinaliza belu mpaka kupuma ntchito osayankhanso munthu.

Mabondo a ambuya anu sanayambe tsiku limodzi. Tinali titasamukira kuno ku Kwacha, ine nditapuma, iwo akugulitsa tomato ndi kapenta pa thebulo lawo pageti. Zinayamba ndi nyengo yozizira: m'mawa bondo lamanja linkauma ngati mtengo, kufuna kuliothetsa dzuwa kaye. Kenako linayamba kulira podzuka pa mpando, ngati chitseko chosowa mafuta. Patapita nyengo, lamanzere linatsatira. Ku kiliniki anati ndi nyamakazi ya m'mabondo, kutanthauza kuti chicherewecherewe cha pakati pa mafupa chaperepeseka. Anawapatsa mapilitsi ndi mankhwala opaka. Kugwada m'tchalitchi kunatha, mtondo tinapatsa ena. Koma kuyenda ankayenda, ndipo pakamwa panali pomwepo.

Kugwa koyamba kunachitikira pa ngalande ya pageti, pamene tinkadutsa pa thabwa. Anali ndi beseni la tomato, phazi limodzi lili kale pa thabwalo, pamene Bana Chanda anakuwa cha kumbuyo, "Mwashibukeni, bana Sabina!" Ambuya anu anatembenuka kuti ayankhe, bondo linapinda, tomato n'kumwazikira m'ngalande. Tonse tinaloza thabwa. Ndinalichotsa n'kuikapo konkire.

Kwachiwiri kunali pa masitepe a tchalitchi, Misa itatha. Iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo yotulukira. Masitepewo ndi atatu okha, ndipo anali atawatsika kwa zaka zosawerengeka. Tsikulo anakweza mawu pa mzere wovuta phazi lili m'malere, n'kupezeka akhala pansi. Anzawo a kwaya analoza nsapato. Tinagula zina.

Apo ndi pamene ndinayamba kuyang'ana. M'mawa, akamapita kuseri okha ali chete, ankayenda pang'onopang'ono koma molimba, n'kudutsa ngakhale pamiyala paja. Wina akangowalankhula, mapazi ankayamba kukwekwereza, thupi n'kupendekera kumanja. Podzuka pa mpando ali chete ankadzuka kamodzi. Akamakamba nkhani ankayesa kawiri, katatu, mpaka kugwira tebulo. Ndikuvomera kuti ndinawayesanso mwadala. Ndinkayenda pambali pawo n'kufunsa kuti mwana wakuti anabatizidwa mwezi uti, maso anga ali pa mapazi awo, ndipo nthawi zonse phazi linkazengereza. Ndinazindikira kuti mabondowo sakudziyendera okha monga kale. Akufuna mwini wake akhalepo ndi mutu wonse, monga dzanja langa linkafunira pa belu.

Ndinawauza tikumwa tiyi. "Amake Sabina, si mabondo okha amene akukugwetsani. Ndi mabondo pamodzi ndi pakamwa."

Anaika kapu pansi. "Ndiye mukuti ndimalongolola?"

"Sindinatero. Ndikuti muziima kaye, mapazi onse pansi, kenako muzipereka moni."

"Atate ake Sabina, ine ndinkaluka juzi ndowa ili pamutu, inu mukuwerenga kabelu kanu kamodzi. Lero mundiphunzitse kuyenda?"

"Nthawi imeneyo mabondo ankadziyang'anira okha."

"Ndiye munthu andilonjere, ine ndizingoyenda ngati sindinamve mpaka ndipeze poima? Anthu adzati ndinaleredwa ndi ndani?"

Funso limenelo silinali lachabe, ana inu. Inu mumapatsana moni ndi chala muli m'mbali ziwiri za msewu. Kwathu moni suchedwetsedwa. Munthu akakulonjera, yankho limatuluka pomwepo, nkhope itatembenukira kwa iye, ndipo mayi woleredwa bwino amapindako bondo pang'ono. Tawerengani nokha: kutembenuza mutu, kupinda bondo lodwala, kufunafuna dzina la mwana wa mnzako kuti umufunse, zonsezi phazi lili m'malere. Ulemu umene anawaphunzitsa ali mtsikana ndi umene unkawagwetsa atakula.

Anavomera, koma ndi pakamwa pokha. Choncho Lamlungu ndinkayenda nawo. Tinkanyamuka sikisi koloko kupita ku Misa ya eyiti, pa ulendo umene inu mumathamanga mphindi zochepa, chifukwa munthu aliyense pamsewu anali siteshoni yathu. Akaiwala n'kuyamba kuyankha akuyenda, ndinkati, "Imani!" Apa ndikuvomeranso: liwu langa ndi la pa shafuti, kumene munthu unkapikisana ndi injini. Sindidziwa kunong'ona. Bana Chanda analimva ali pa mpanda.

"Awe, ba Daka! Munakwatira mkazi kapena munagula ng'ombe ya ngolo? Mukuopa kuti tikulandani?"

"Amene munawagwetsera m'ngalande ndi moni wanu ndinu."

"Iye! Moni wayamba kugwetsa anthu? Mbewa zakwera m'mutu, mukwai!"

Pofika madzulo nkhaniyo inali pa msika, ndipo pofika Lamlungu lotsatira inali itabala ana. Musawade Bana Chanda. Ndi iwo anaphunzitsa ambuya anu kuphika chikanda chimene mumanyambita nacho zala, ndipo maliro akagwa m'nyumba muno amayamba kufika ndi iwo. Kungoti pakamwa pawo palibe buleki. Ambuya anu anachita manyazi, nandiuza kuti ku tchalitchi aziyenda ndi azimayi anzawo.

Kugwa kwachitatu ndi kumene kunatiopsa. Kunali masana, mvula itangokata. Ankachokera koyanula zovala, beseni lili m'chiuno, foni itapanidwa pakati pa khutu ndi phewa. Ine ndinali pa windo. Ndinawaona akuseka, akukweza phazi pa sitepe ya kukhitchini, kenako beseni linauluka. Mkono unathyoka pafupi ndi chikhatho. Foni inagwera m'matope ikulankhulabe, ndipo nditaitola ndinamva liwu la Sabina: "Amama? Amama, netiweki yadula?" Ndinaizimitsa.

Sabina anafika mawa lake kuchokera ku Ndola, kunyumba kwake ku Nkwazi. Mumamudziwa: akamakuuza kuti akuganiza chinthu, ndiye kuti wachita kale. Anakhala pa mpando uwo, amake ali apa mkono uli m'pulasitala.

"Atate, zakwana. Amama apita nane ku Nkwazi. Nyumba yanga ilibe masitepe. Zonse azichitiridwa, sadzafunikanso kuyendayenda."

"Nanga ine?"

"Inu munakana kale kusiya nyumba ino. Muzibwera Loweruka."

"Miyendo ya amako sinathe. Akamayenda ali chete sagwa."

"Atate, zija zoletsa amama kulankhula zatichititsa manyazi mokwanira. Kuno si ku mgodi."

Yankho linali pa lilime langa: kuti pamene amake amagwa ankalankhula ndi iyeyo pa foni. Ndinamuyang'ana mwana wanga, maso ali ofiira, atalira msewu wonse wa Ndola, ndipo ndinalimeza yankholo. Ambuya anu nawonso anali chete, ndipo chete wawo ndi amene anandiopsa kuposa mkono. Ndinkadziwa kuti akakawakhazika pa mpando ku Nkwazi, kopanda thebulo lawo la tomato, kopanda mphakati, kopanda ngakhale Bana Chanda wokangana naye, miyendoyo idzauma zenizeni ndipo sadzabwereranso kuno. Ndipo ine, munthu amene ndinali ndisanadyepo ndekha chikwatirire, ndikanasanduka mlendo wa Loweruka kwa mkazi wanga.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: pulasitala ikachoka, tikaonane kaye ndi wa mafizo, wa chipatala wolimbitsa minofu ndi kuphunzitsanso anthu kuyenda, ndipo chimene akanene ndidzatsatira. Sabina anavomera msanga, pokhulupirira kuti wa mafizo akakhala mbali yake.

Masabata amenewo anali aatali. Ndinkaphika ine, ndipo ambuya anu anadya osadandaula, chimene chinali chizindikiro china choipa. Thebulo la pageti linakhala lopanda kanthu. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana maminibasi, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti kudzuka pa mpando kukuwavuta kuposa kale, ngakhale ali chete.

Tsikulo litafika, Sabina anabwera ndi galimoto, nalongedza sutikesi ya amake n'kuiika m'buti, kuti tikachoka kwa wa mafizo angopitirira ku Nkwazi. Bana Chanda anaima pa mpanda osanyoza munthu, koyamba chiwadziwireni.

Wa mafizoyo, ku chipatala china ku Ndola, anali mayi wachitsikana wovala nsapato zothamangira. Anayamba ndi Chibemba, koma atamva mmene tinayankhira anasinthira ku Chinyanja. Anapinda mabondo a ambuya anu n'kuwawongola, khutu lili pafupi. Anawauza kuti adzuke pa mpando n'kukhalanso kangapo osagwira kanthu, ndipo anakwanitsa, ngakhale movutikira. Anagwira mwendo wawo pa kakolo n'kuti, "Kankhani dzanja langa." Anakankha mpaka mtsikanayo anati, "Eya, mphamvu zilipo." Kenako anawamanga lamba m'chiuno woti aziwagwirira, nawauza kuti ayende mpaka kumapeto kwa khonde lalitali. Anayenda mowongoka. Sabina anati chapansipansi, "Pano ndi posalala, n'chifukwa chake."

Atafika kumapeto, wa mafizo anafunsa, "Mbuya, adzukulu muli nawo angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Tibwerere tsopano. Koma poyenda munditchulire mayina awo, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu."

Ambuya anu anamwetulira, poti palibe nkhani imene amaikonda kuposa inu. "Mapalo," anatero, phazi lili bwino. "Taonga... ayi, Dalitso ndiye wamng'ono kwa Taonga, anabadwa mvula ija inagwetsa mpanda..." Phazi linakwekwereza. Anachepetsa liwiro osadziwa. Asanafike n'komwe pa iwe Mutale, thupi linapendekera kumanja, bondo linapinda, ndipo akanapanda lamba uja akanakhala pansi. Inde, ana inu. Pa simenti yosalala, popanda thabwa, popanda nsapato zoipa, mayina anu anatsala pang'ono kugwetsa ambuya anu.

Wa mafizo anawakhazika pansi n'kubwereza zokankha dzanja zija, koma tsopano ambuya anu akutchula miyezi ya chaka chobwerera m'mbuyo. Mwendo womwe uja unafewa ine ndikuona.

"Tandiuzeni, mbuya, pa kugwa kulikonse munkachita chiyani?"

Ananena za moni wa pa ngalande. Ananena za nyimbo ya pa masitepe. Pa kachitatu anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndinali pa foni."

Sabina anadzuka pa benchi. "Tsiku lija foni inadula?"

"Nkhani yako inali yokoma, mwanangu. Ndinkafuna kumva mathero ake."

Sabina anagwira pakamwa, natembenukira kwa ine. "Atate, munkadziwa?"

"Anazimitsa foniyo ndine."

Sabina anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

Wa mafizo anafotokoza mwachidule, ndipo ndikubwereza monga ananenera. Bondo labwino limauza mutu pamene lili popanda munthu kuganiza. Bondo la nyamakazi limauza mochedwa, ndipo minofu ya ntchafu imakhala itafooka, kotero mutu umayenera kuthandiza pa phazi lililonse. Mutuwo ukatanganidwa ndi china, mwendo umachepa mphamvu, ndipo munthu amadzandira. Sabina anafunsa ndi mawu otsika ngati sikungakhale bwino kuti amake angopuma, asamayendenso. Mtsikanayo anapukusa mutu. "Mukawakhazika, ntchafu zitheratu, ndipo kugwa kotsatira kudzakhala kwa m'bafa. Ayende tsiku lililonse." Anawonjezeranso chimene ine sindinkadziwa, ndipo sindichita manyazi kuchivomera: kuti kuyenda ukulankhula kumaphunziridwanso, pang'onopang'ono, panyumba, dzanja lili pa khoma. "Koma pa sitepe, pa ngalande ndi pamsewu, muziima kaye, kenako muzilankhula."

Ambuya anu anapumira m'mwamba. "Zimenezo ndinazimva kale."

"Kwa ndani?"

Anandiloza ndi milomo. "Awa."

"Ba shikulu anali a chipatala?"

"Ankaliza belu."

Mtsikanayo anaseka. "Muziwamvera, mbuya. Koma inu ba shikulu, osawakuwira pamsewu. Kudzidzimuka nakonso kumagwetsa."

Ndinalandira zimenezo mwaulemu, monga munthu wophunzira amachitira.

M'galimoto munali zii. Sabina ankayendetsa maso ali kutsogolo, ine pambali pake, ambuya anu kumbuyo. Titayandikira mphambano yokhotera ku Nkwazi anachepetsa liwiro. Ndinayang'ana panja, osafuna kuti aone nkhope yanga. Kenako anapondanso mafuta, n'kulunjika msewu wa ku Kitwe.

Patapita kanthawi anati, "Atate, pa sitepe ya kukhitchini paja pafunika chogwirira. Ndituma wowotcherera Loweruka."

"Aike mbali zonse ziwiri," ndinatero.

"Mbali zonse ziwiri."

Kumbuyo kunamveka kutsokomola. "Ine pano ndakhala pansi. Ndingalankhule?"

Analankhula kuchokera pamenepo mpaka pageti pano, makamaka za kuipa kwa liwu langa ndi za ndiwo zimene ndinawaphikira masabata aja, ndipo sindinadziteteze ngakhale pa chimodzi. Titafika, Sabina anatsegula buti, nanyamula yekha sutikesi ija n'kukaibweza m'chipinda chathu.